Chikwama Chalanda Malo Anga

Bwera nazo kuno zikwama watenga kwa wa kaunjikazo, Limbikani, uziike pamphasa pano ndizione bwino. Tadala, sendeza lichero la nyembalo, ndipo foniyo uyambe waiika pansi, ine sindiyankhula ndi munthu woyang'ana m'manja. Mwati agogo atisankhire chikwama chabwino chobereka popalasa njinga kupita kuntchito. Ndikudziwa kuti mwafunsa mondiseka, poti ine chibadwire sindidapondepo pedulo. Sekani ndithu. Koma poti mwandiputa nokha, khalani pansi ana inu, mumve mpaka kumapeto.

Ndiyambe ndi chimene chikundiwawa, ndisakuzungulireni. Kaliyala ya njinga ya pakhomo pano ili kuseri kwa khola la mbuzi, yatsamira khoma, nkhuku zikugonapo. Udaimasula ndiwe, Limbikani, nthawi yokolola ija, utangoyamba ntchito m'sitolo ya mbewu ndi feteleza ku Chimbiya. Udati ikulemera, ikuchita phokoso, ikuipitsa njinga, katundu wako uzibereka kumsana ngati anzako. Chiyambire pamenepo wakhala ukubwereka chikwama cha mnzako, lero ukufuna chakochako. Pa kaliyala imeneyo ndi pomwe ndinkakhala ine mwezi uliwonse popita kuchipatala ku Kasina kukatenga mapiritsi a bipi. Pomasula sudandifunse. Lero ukundifunsa za chikwama chimene chalowa pamalo panga, ngati kupempha mkazi wamkulu kuti akusankhire mkazi wachiwiri.

Komatu mwafika pa munthu woyenera. Wopalasa amadziwa msewu, koma msana wake saudziwa, poti sadauonepo. Msana timaudziwa ndife a pambuyo. Ine ndakhala kumbuyo kwa amuna opalasa kuyambira ndili namwali mpaka mano kutha m'kamwa. Ndikudziwa pamene thukuta limayambira, ndikudziwa phewa limene limayamba kutopa, ndikudziwanso fungo la malaya a munthu amene wakwera mtunda wathu wa Kamwala dzuwa lili paliwombo. Aja mumaonera mufoni ya Tadala, ovala zipewa zonga chigoba cha fulu, amapalasa pa tala wosalala kwawoko. Abwere adzakwere Kamwala mu Febuluwale matope ali m'mawondo, kenaka adzatiphunzitse za zikwama.

Ana inu simudziwa kuti kubereka idali ntchito ya amayi okha. Mwamuna ankanyamula paphewa, kapena kukoleka kaphukusi kake ku mpini wa nkhwangwa n'kumapita. Tsiku limene msilikali wina wopuma ntchito adafika m'mudzi muno ndi chikwama kumsana, amayi onse pamtondo tidasiya kusinja. Malemu azakhali anga, omwe manyazi adawasiya m'mimba mwa amayi awo, adamuyandikira n'kuvundukula pamwamba pa chikwamacho, amvekere, “Mwanayu ndi wamwamuna kapena wamkazi, achimwene? Nanga bambo wake ndani?” Munthu uja sadachivalenso m'mudzi muno. Lero mzibambo wandevu zake amabereka chikwama chachikulu kuposa mapasa, ukatsegula muli chaja ya foni ndi chipeso.

Ifetu ku Chimbiya tinkapita wapansi. Dengu la kachewere pamutu, nkhata ya masamba a nthochi, mwana kumsana, kamba wa paulendo m'kansalu: mbatata yootcha ya dzulo ndi chimanga chokazinga chothyola mano. Madzi tinkamwa m'mitsinje ya m'njira, chogwada, kutunga ndi dzanja, dengu lili pamutu pomwepo, poti ukalitula akusenzanso ndani kutchireko? Mu Juni chisanu cha kuno chinkang'amba zidendene, udzu uli mbuu, koma patapata tinkavula n'kumuika pamwamba pa kachewere kuti asathe, tikavale pofika pamsika. Tadala akuseka. Iwe nsapato zako zoyerazo umazitsuka kuposa mbale zodyera, ine sindinenapo kanthu.

Agogo anu aamuna, malemu a Pasikale, adandipeza pa ulendo wotero. Adali atangobwera kumene ku fodya ku Kasungu ndi njinga yakuda, yolemera, kumbuyo kuli kaliyala yowotcheretsa kwa amisiri, ya zitsulo zonenepa ngati chala changachi. Adaima patsogolo panga, phazi limodzi pansi.

“Achemwali, denguli likwere, inu mutsatire pambuyo,” adatero.

Ine ndidati, “Dengu langa siliyenda ndi alendo. Kumene likupita ndipita nalo.”

Ndiye ndidakhala chammbali, dengu pamiyendo, dzanja limodzi nditagwira chitsulo cha pansi pa chishalo, poti kugwira m'chiuno mwa mwamuna wosakukwatira kudali kudziputira mbiri. Tidagwa pa mlatho wa mitengo, kachewere yense m'madzi. Adatola okha, mmodzimmodzi, buluku atapinda, ine nditakhala pamwala ndikuwalozera pamene patsala. Ndidaona kuti munthuyu ndi womva zonena, atafunsira sindidavute.

Pajatu sadachite zachilendo poima paja. Lamulo la njinga lidali lodziwika, ngakhale palibe adalilengeza: kaliyala yopanda kanthu si yako, ndi ya amene wamupeza m'njira. Nkhalamba, mayi wapakati, wodwala, ngakhale munthu amene mudatukwanana naye pamowa. Unkaima, akwere, mukatukwanirane kutsogolo. Ukadutsa munthu kaliyala ili yopanda kanthu, nkhani inkafika kwanu iwe usadafike.

Kudali bambo wina kutsidyaku, womana, amene adapeza nzeru. Ankamanga dengu pa kaliyala ndi malegeni, n'kuliphimba ndi chiguduli, m'katimo mulibe ngakhale njere ya nyemba. Akakupeza m'njira ankangoti, “Pepani, ndalemedwa.” Tsiku lina kamvuluvulu adakwatula chiguduli chija pamaso pa anthu ochokera kumaliro, dengu lili yasa. Kuyambira pamenepo dzina lake lenileni lidafa. Aliyense ankangoti a Ndalemedwa, ana ake ana a Ndalemedwa, mpaka zidzukulu zake zilipo, zina mudaphunzira nazo sukulu. Ameneyo ndiye kholo la zikwama zanuzi. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ankachita manyazi, n'chifukwa chake ankaphimba. Inu mumangomasula kaliyala masanasana n'kumati ndi fashoni.

Ndiponso kaliyala idalibe chinsinsi. A Pasikale akamachokera kumsika, mudzi wonse unkaona za pambuyo pawo: mchira wa mlamba wouma ukusuzumira m'pepala, shuga, sopo wautali uja wodula ndi mpeni, botolo la palafini likulendewera. Asadatsike n'komwe, amayi anga, apongozi awo, ankakhala atatulutsa kale kambale. Mkamwini akadakana bwanji, chinthu chili poyera? Zipi ndiye adabwera kudzapha zimenezo. Lero munthu amalowa m'mudzi atabereka nyama ya nkhumba yokazinga ya pa Chimbiya, n'kupereka moni nkhope ili gwa, kuti tiziti wanyamula mabuku. Mphuno zathu zokha ndi zimene sizidakalambe, Limbikani. Tsiku lija tidamva, tidangokusiya.

Njinga yakale inkadya ndi ife, inkavutika ndi ife. Ku chigayo ndi yomweyo, ku dimba kukatenga kabichi ndi yomweyo, mkwatibwi wa m'mudzi uno ankapita ku tchalitchi pa kaliyala yoyala nsalu yatsopano, amayi akuthamanga pambali ndi nthungululu. Chubu chikaphulika pakati pa ulendo, zomatira palibe, agogo anu ankazula udzu wa m'mbali mwa njira n'kudzaza m'tayala mpaka kulimba, ulendo n'kupitirira, ine matako akumva mwala uliwonse. Inu tayala likangophwa pang'ono mumaimba foni. Kaya mumaimbira ndani, kaya mpweyawo umabwera pa foni pomwepo.

Pa msana wa agogo anuwo ndidaphunzira zambiri kuposa ku sukulu ya kwacha. Akakwiya, mapewa ankauma, mawu osatuluka. Akalawa kachasu kwa anzawo, msana unkayamba kuvina njinga isadayambe. Akandinamiza, thukuta linkatuluka ngakhale potsetsereka. Ndinkangoti, “A Pasikale, kukuzizira chonchi, malaya anyowa bwanji?” Iwo, “Iwe khala bwino, utigwetsa.” Kutsogolo nkhope adali nayo yachikhristu, ya mkulu wa mphakati, koma msana wawo sunkadziwa kunama.

Mayi anu adatsala pang'ono kubadwira pa kaliyala imeneyo. Idali nyengo ya dzinja, chimanga chikumasula, kunja kutacha ndi mvumbi. Matope a katondo ankamatirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka njinga kukana kuyenda. A Pasikale ankatsika, kutokosa ndi kamtengo, kukwera, pang'ono pokha kutsikanso. Ine kumbuyo ululu ukabwera ndinkaluma malaya awo. Tidafika ku Kasina malaya atabooka pamsana, masisitere n'kuyamba kufunsa ngati bamboyu walumidwa ndi galu. Malaya amenewo adakana kuti ndiwasoke. Ankavala popita kudimba, chibowo chili pomwepo, aliyense wofunsa ankamuuza kuti ndi chidindo cha akazi awo.

Nawenso, Limbikani, kaliyala imeneyo ikukudziwa. Vula sokosi, Tadala aone chipsera cha pa chidendenecho. Udali kamwana, tikukutengera ku sikelo uli pamiyendo panga, udalowetsa phazi m'masipoko pofuna kuona kuti zitha bwanji. Udalira mudzi wonse kumva, agogo ako aamuna nawo misozi, mpaka ine kusowa woyamba kutonthoza.

Ndi msana womwewo umene udandiuza kuti akupita. Adokotala adali asadanene kanthu, eni ake akuti ali bwino, koma ine ndinkaona mafupa a m'mapewa akutuluka m'malaya chaka ndi chaka. Pa Kamwala, pamene kale ankakwera akuimba nyimbo za ku tchalitchi, adayamba kutsika n'kumati akufuna aone chimanga cha anthu. Chaka chomaliza tidasinthana. Iwo pa kaliyala atafunda bulangete, ine pansi ndikukankha, poti kupalasa sindidziwa. Ankachita manyazi, ankaweramitsa mutu tikakumana ndi anthu. Ndidawauza kuti, “Dzutsani mutu, mwandinyamula zaka zonsezi, lero ndi nthawi yanga.” Ndimawasowa, ana inu. Mpaka lero njinga yakuda ikadutsa ndimatembenuka.

Njinga yawo idatha ndi dzimbiri, koma kaliyala tidaisamutsira pa iyi ya magiya imene mayi anu adagula, ndipo iwe utakula udayamba kunditenga. Unkanditenga bwino, sindinama. Msana wako ndi wa agogo ako ndithu, kupatula ulesi wa phewa lamanzere.

Tsono tiyeni ku zikwama, mungati agogo athawa funso. Ndipatse chakudacho. Ee, matumba! Thumba m'kati mwa thumba, lina pambali, lina lobisika kunsi. Uikamo chiyani monsemu, mwana iwe? Lofewali Tadala akuti ndi la laputopu. Laputopu yake iti? Muzilowa mbatata yootcha, ifike ku Chimbiya isadaphwanyike, ulemu waukulu kwa mbatata. Koma taona kumsana kwake, ndi pulasitiki yosalala, yopanda popumira. Mu Okutobala uzidzafika kuntchito malaya atamatirira thupi, makasitomala azidzagula feteleza atagwira mphuno. Zingwe zake n'zopyapyala, zidzakudula m'khwapa. N'chachitalinso, chizidzagunda chishalo ukakhala, n'kumakukankha m'khosi. Ndiye malaya ako a kuntchito ndi akuda, chikwama chakuda, pa msewu waukulu nkhungu ya kuno itatseka, woyendetsa thiraki adzakuona atakuponda kale. Chibwezere kwa wa kaunjika, akagulitse kwa mnzako wa laputopu.

Chofiirachi chili ndi nzeru pang'ono. Kumsana kuli kaneti ndi timipata todutsa mphepo. Zingwe n'zonenepa, zofewa paphewa. Kachingwe aka ka pachifuwa n'kofunika, kamaletsa katundu kugwedera uku ndi uku potsetsereka, paja ngakhale mwana timamumanga molimba pachifuwa tikafuna kuthamanga. Timizere tonyezimirati tiziwala galimoto ikaunika. Kansalu kobisika pansipa akuti n'kophimbira mvula. Ukayese ndi madzi a m'ndowa usadagule, poti wa kaunjika amalumbira chilichonse, angakuuze kuti chikwamachi chimapalasa chokha. Zipi umukoke kangapo, fumbi la mu Seputembala limadya zipi. Katundu wolemera uziika pafupi ndi msana, osati kunja, ndipo usachimange chotsika mpaka m'matako ngati ana a sukulu, chikhale pamwamba. Tenga chofiiracho. Mwaona, ndasankha, ndipo ndasankha bwino, poti sindifuna mdzukulu wanga apweteke. Mkazi wachiwiri ndakusankhira wamakhalidwe.

Khala pansi, ukupita kuti? Galu wamkota sakandira pachabe. Zonse ndakambazi ndimalambula njira, nkhani yeniyeni ndi iyi.

Tsiku langa la kuchipatala litakwana, kaliyala ili kale kuseri kwa khola, ndidakukumbutsa. Udati, “Agogo, abwana safuna munthu wochedwa. Bwanji mukwere kabaza yamoto?” Ine yamoto ndidakwerapo kamodzi, mpango udatsala kwina, mtima kwina, bipi imene ndinkapita kukatsitsa idakwera kuposa kale. Mayi anu adali kumaliro ku Lobi. Ndidati palibe kanthu, phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, mapazi ndili nawo. Ndidatenga ndodo n'kunyamuka iwe ukusamba.

Udandipeza pakati pa Kamwala. Ndidamva tcheni kumbuyo, ndidadziwa kuti ndi njinga ya kwathu, ndipo mtima udati wabwera mwana, wasintha maganizo. Ndidapatuka n'kuima. Udaliza belu. “Agogo, muyende bwino, ndachedwa!” Udakweza dzanja ngati phungu wodutsa pa galimoto. Ndidaima pamenepo ndikuyang'ana chikwama chobwereka chija chikuvina pamsana pako mpaka udalowa m'mabulugamu. Sindidatukwane. Ndidalira, mwana iwe, nkhalamba yonseyi, pamsewu. Pokhala padalibe, ndikudziwa, koma ukadangotsika n'kukankha njinga pambali panga mpaka pamwamba, ndikadakhuta nazo.

Pamwamba pa mtunda mutu udayamba kuzungulira, m'maso mdima. Ndidakhala pansi m'mbali mwa njira, ndodo pamiyendo. Njinga zinkadutsa, achinyamata okhaokha, aliyense wabereka chake, aliyense “Mwadzuka bwanji, agogo?” Ulemu wochuluka, mabuleki ayi. Wina mpaka adandifunsa ngati ndaona foni yake m'njira.

Amene adaima ndi a Kamphinda. Inde, omwewo a kuseri kwa manda, akulu a kudambwe, amene mayi anu adakuletsani kudya kwawo muli ana. Agogo anu aamuna ndi a Kamphinda sankamwerana chikho. Uyu wa tchalitchi, uyu wa gule, ndipo chaka china zilombo zitathamangitsa ana a katekisimu, awiriwa adalozana zala pabwalo mpaka anthu kuwagwira. Tsikulo adali ndi matumba a kabichi pambuyo, akuthamangira ku Chimbiya kukapikulitsa magalimoto a ku Lilongwe asadachoke.

“A Nambewe, mwakhala bwanji pamenepo? Kwagwanji?” adandifunsa.

“Ndikuwothera dzuwa,” ndidatero.

“Dzuwa lake liti, nkhungu yonseyi? Adzukulu aja ali kuti?”

“Ali kuntchito.”

Sadafunsenso. Adamasula malegeni, kutsitsa kabichi yense, n'kukasungitsa pakhonde la nyumba ya m'mbali mwa njira. Adavula jekete n'kuyala pa kaliyala.

“Kwerani.”

“A Kamphinda, amayi a mphakati akandiona pa njinga yanu adzati chiyani?”

“Adzati mwafika. Nanga mukatsala pano adzati chiyani?”

Ndidakwera.

Adandidikira kuchipatala mpaka dzuwa kupendeka, atakhala pansi pa mtengo, chipewa pabondo, amayi a mphakati akuwayang'ana ngati aona chilombo chalowa m'tchalitchi. Anamwino atandiyeza adagwira pakamwa, amvekere, “Agogo, ndi bipi imeneyi mudanyamuka wapansi? Amakuyang'anirani ndani kunyumba?” Dzina lako, Limbikani, sindidalitchule. Ndidangoloza panja, pa mtengo paja. Kabichi uja adafika kumsika mawa lake atafota, ndipo eni ake sadanditchulireko ngakhale kamodzi, ndidamva kwa ena. Iwe utaweruka udandifunsa kuti ndayenda bwanji, ndidati bwino, udakhutira, poti ndi yankho limene unkafuna.

Mwezi wotsatira, iwe utapita kuntchito, Tadala ali kusukulu, ndidamva belu la a Kamphinda pabwalo. Sindidawatume. Pa kaliyala adali atamangapo khushoni yosoka okha ndi thumba la feteleza, m'kati muli nsanza, msoko wake wokhotakhota woti telala atauona angalire. Chiyambire pamenepo salephera. Pa Kamwala amatsika n'kukankha ine ndili pomwepo, akuti thumba la kachewere limandiposa kulemera, ndiponso kachewere sacheza. Mudzi wonse ukudziwa, amayi a mphakati adamaliza kale kundidya miseche mpaka kuyamba wina. Osadziwa ndinu a m'nyumba muno, poti maso anu ali m'foni. Simudafunsepo kuti mapiritsi a pawindo paja amabwera okha kapena bwanji.

Msana wawo ndauyang'ana bwino, musaiwale kuti ntchito yanga ndi imeneyo. Ndi msana wa munthu wouma mutu, wosuta chingambwe, wosagwirizana kwenikweni ndi sopo. Koma potsetsereka sutuluka thukuta.

Ulendo wathawu, tili pakati pa mtunda, iwo akukankha, adayankhula osandiyang'ana.

“A Nambewe, chimwalirire akazi anga nyumba ija ikundikulira. Ndimaphika ndekha, ndimadya ndekha, ndikatsamwa palibe wondimenya pamsana.”

“Ndiye mukufuna wokumenyani?” ndidafunsa.

“Ngati dzanja lanu lilipo.”

“Ine gule sindidzamuimbira, ndipo kolona wanga sindisiya.”

“Wakupemphani kolona ndani? Lamulungu ndizikakusiyani pakhomo pa tchalitchi, ndizikudikirani panja. Kudikira ndazolowera.”

Ndidati ndikaganize. Ndidaganiza mpaka pamwamba pa mtunda.

Ndiye mverani, ana inu. Loweruka lino a Kamphinda akubwera ndi ankhoswe awo kwa achimwene anga. Mayi anu ndawauza m'mawa uno, n'chifukwa chake apita kudimba osadya. Kwa abambo mfumu ndipita ndekha kukafotokoza, ndipo ngati ali ndi mawu, ayambe andiuza kuti mwezi wamawa adzanditenga ndani. Poti kuno ndi kwathu kwa amayi, mwamuna ndiye amabwera. Chipinda chimene umagonekamo njinga yako, Limbikani, usese bwino, mulowa ina.

Tadala, tseka pakamwa, mulowa ntchentche. Ukuti anzako kusukulu adzakuseka kuti agogo ako akwatiwa ndi wa gule? Adzaseka, inde. Nawenso useke nawo, mano uli nawo. Ukuti ndakalamba? Ndakalamba, n'chifukwa chake sindingachedwe.

Nanga uyu akupita kuti ndi sipanala? Tamumvani: “Agogo, kaliyala ndibwezera pompano, mwezi wamawa ndikutengani ndine, za chikwamazi zisiyeni.” Miyezi yonseyi mabawuti adali olimba, lero afewa. Bwezera ndithu, si ine ndingakuletse. Mayi ako mawondo ayamba kulira akamadzuka pamphasa, sudamve? Adzaifuna posachedwa, ndipo a Kamphinda alipo amodzi okha m'mudzi muno. Chikwama chofiiracho ugule, sichidalakwe kanthu. Koma ine pokhala ndapeza, ndipo mawu ndidapereka.

Ukuti chiyani? Kweza mawu, ndipo upukute m'masomo. “Ndiye mukukwatiwa chifukwa cha ine, agogo? Mukundilanga?” Usadzikweze, mwana iwe. Munthu sakwatiwa pofuna kulanga mdzukulu, ukwati ndi ntchito yolemetsa. Ndimakukonda, ngakhale udandiliza, ndipo zimenezo sizisintha. Iwe udangondisiya pa mtunda, mbali yako idathera pomwepo. Kunditola adanditola ndi iwo. Loweruka ukawaona akulowa pabwalo pano, ulandire njinga yawo ndi manja awiri, uwatche agogo.